Chipatala chaulere chili ndi mtengo wake, ndipo akulipira ndi osauka

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani imene yakhala ikubwerabwera m'manyuzipepala ndi pa wailesi, yoti kodi Amalawi apitirize kulandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma, kapena nthawi yakwana yoti aliyense azidzigulira inshuwalansi ya zaumoyo monga amachitira ogwira ntchito m'makampani. Ndikulemba ngati munthu amene walawa mbali zonse ziwiri. Kwa zaka zambiri ndinagwira ntchito ku kampani ina yomwe inkatilipirira inshuwalansi, ine ndi banja langa, ndipo ndikadwala ndinkangotulutsa khadi pachipatala cholipira n'kuonana ndi dokotala tsiku lomwelo. Pano ndinapuma, khadi lija linatsala ndi ntchitoyo, ndipo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, omwe anandipeza nditatsala pang'ono kupuma, ndimapita nawo kuchipatala cha boma, komwe ndimafika kusanache kuti ndipeze malo abwino pamzere.

Chimene ndaphunzira pamzerepo n'chakuti mawu akuti ulere amatinyenga. N'zoona kuti pakhomo pa chipatala cha boma palibe amene amakutambasulira dzanja, ndipo dokotala amakuona n'kukulembera m'kabuku kako osafunsa za m'thumba mwako. Koma ukafika pawindo la mankhwala, kawirikawiri yankho limakhala lija Mmalawi aliyense analoweza, lakuti amenewa atha, mukagule ku famase. Munthu amene wabwera ndi ndalama yongokwanira minibasi yobwererera amatuluka ndi panado m'manja, mankhwala enieniwo atatsala papepala. Kwa wodwala chifuwa, vuto limeneli ndi la mlungu umodzi. Kwa ife a shuga ndi BP, amene tidzamwa mankhwala mpaka tsiku lomwe adzatitseke maso, ndi ngongole ya mwezi ndi mwezi, ndipo ndaona anzanga a pamzere akudumphitsa masiku kapena kudula piritsi pakati kuti afike kumapeto kwa mwezi, kenako n'kudzamva kuti uje anafa ziwalo mbali imodzi.

Mtengo wina suoneka n'komwe m'mabuku a boma. Mayi anga atadwala kumudzi zaka zingapo zapitazo, chipatala chaching'ono cha kwathu chinawatumiza ku chachikulu, koma ambulansi inalibe mafuta, moti tinachita kubwereka galimoto ya wamalonda wina n'kuithira mafuta tokha. Atagonekedwa, mlongo wanga anasiya munda nthawi yopalira n'kukakhala gadiyani kwa milungu itatu, akugona pansi, akuphika pamafuwa kuseri kwa wodi ndi nkhuni zogula. Makina ojambulira anali atawonongeka, choncho tinakajambulitsa kolipira. Pomwe mayi ankatuluka, mbuzi ziwiri zinali zitagulitsidwa motchipa chifukwa cha changu, mlongo wanga anali ndi ngongole ku banki mkhonde, ndipo chimanga cha chaka chimenecho chinali chitadyedwa ndi udzu. M'kaundula wa boma, mayi anga analandira chithandizo chaulere. Ine ndinali pantchito ndipo ndinathandizapo, koma mabanja ambiri alibe mwana wa m'tauni woti amuimbire foni, ndipo kwa iwo chotsala ndi katapila, kapena kumusunga wodwalayo kunyumba mpaka zinthu zitafika posauzana.

Kusowa kwa mankhwalaku kuli ndi gwero lake. Pafupifupi mankhwala onse amene timagwiritsa ntchito timaitanitsa kunja, ambiri ku India, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe dziko lino lakhala likuzisowa kwa zaka tsopano. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kwacha iliyonse yomwe inaikidwa mu bajeti ya mankhwala inayamba kugula zochepa. Bungwe la Central Medical Stores Trust, lomwe limagula ndi kugawa mankhwala m'zipatala za boma, lakhala likudandaula kuti boma lili nalo ngongole, ndipo nalonso limachedwa kulipira amalonda amene amalibweretsera katundu. Pamwamba pa izi pali umbava. Tonse tinawaonapo mankhwala a boma akugulitsidwa m'magolosale ndi m'misika ya kumidzi, ndipo sanafike kumeneko ndi miyendo yawo.

Funso limene sitikonda kudzifunsa ndi lakuti ulere umenewu amaulipira ndani. Kwa zaka zambiri, ndalama zoposa theka la zonse zimene zimagwiritsidwa ntchito pa zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera ku mayiko ndi mabungwe akunja. Ma ARV, amene anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004 n'kudzutsa abale athu osawerengeka amene tinali titawataya kale mtima, amagulidwa makamaka ndi ndalama za Global Fund. Akatemera a ana athu amadalira kwambiri bungwe la Gavi, ndipo maneti ndi mankhwala a malungo nawonso ambiri ndi a thandizo. Atsogoleri a mu Africa atakumana ku Abuja mu Epulo 2001 analonjeza kuti aziika 15 peresenti ya bajeti zawo ku zaumoyo, koma zaka zambiri ife sitifikapo. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013, mayiko otithandiza anasiya kuika ndalama zawo m'thumba la boma, ndipo pasanapite nthawi zipatala zina zinayamba kuchepetsa chakudya cha odwala. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lochuluka la kunja, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ambiri amene ankalipidwa ndi ndalama zimenezo anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, ndipo chithandizo chathu chaulere chakhala pachala nthawi yaitali.

Choncho ndimawamvetsa amene akunena kuti tisiye kunamizana, aliyense agule inshuwalansi. Koma ndikuwapempha kuti ayambe awerenga anthu. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 99 mwa 100 aliwonse ndi abambo 98 mwa 100 aliwonse analibe inshuwalansi ya mtundu uliwonse, ndipo kalembera wa 2018 anaonetsa kuti Amalawi oposa 8 mwa 10 aliwonse amakhala kumidzi. Mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo monga MASM amathandizadi mamembala awo, sindikutsutsa, koma maziko awo ndi malipiro a pamwezi: wolemba ntchito amadula gawo lako, n'kuwonjezerapo lake, n'kutumiza. Mlimi wa fodya ku Kasungu kapena wa nandolo ku Chiradzulu amagwira ndalama yooneka kamodzi pachaka, pomwe wakabaza, wogulitsa mandasi ndi waganyu amadya chimene wapeza tsiku lomwelo. Kuwauza anthu amenewa kuti azilipira mwezi ndi mwezi poopa matenda amene sanabwere, feteleza ndi fizi zikuwadikira lero, ndi kukamba za dziko lina, osati lino.

Ngakhale kwa amene ali nayo, inshuwalansi siili mmene imaonekera kwa munthu woisirira ali pamzere wa kuboma. Kaya ndi ya kampani yofuna phindu kaya ya bungwe la mamembala, masamu ake ndi amodzi: olipira athanzi ayenera kuchuluka, odwala achepe, apo ayi thumba liphwa. N'chifukwa chake mapangano ake amakhala ndi malire a ndalama zimene ungagwiritse ntchito pachaka, nthawi yodikira usanayambe kuthandizidwa pa matenda ena, ndiponso ndalama yowonjezera ija timaitcha shortfall, imene umalipira wekha chipatala chikatchula mtengo woposa umene a inshuwalansi anavomera. Mkazi wanga atachitidwa opaleshoni ndidakali pantchito, tinatuluka ndi shortfall yomwe inandidyera malipiro a mwezi wathunthu, khadi lili m'thumba. Nditapuma ndinakafunsa ngati ndingapitirize kulipira ndekha, ndipo mtengo umene anandiuza sunkagwirizana ndi penshoni yanga. Taonani mmene zinthu zinakhalira chagada. Pamene ndinali wamphamvu, wongodwala chimfine, ndinali ndi inshuwalansi, ndipo tsopano thupi litayamba kufuna chipatala ndabwerera m'manja mwa boma. Anzanga ambiri amene tinapumira limodzi ali pamzere womwewu, ena a iwo anali mabwana.

Palinso china chimene a khadi amaiwala, chomwe nanenso ndinkaiwala. Dokotala amene amakuonani kuchipatala cholipira anaphunzitsidwa ndi misonkho ya Amalawi, ambiri a iwo kusukulu ya madokotala ya ku Blantyre yomwe inatsegulidwa mu 1991, ndipo luso lake analipezera pa odwala a m'mawodi a Queens ndi Kamuzu Central. Ngozi ya pamsewu ikachitika usiku ku Ntcheu kapena ku Karonga, chimene chimayamba kukulandirani ndi chipatala cha boma, ngakhale mutakhala ndi khadi lodula bwanji. Kolera itabuka mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, panalibe khadi limene linamanga misasa ya odwala, kuthira mankhwala m'zitsime kapena kuyenda khomo ndi khomo ndi katemera. Ntchito imeneyo inagwiridwa ndi alangizi a zaumoyo, anamwino ndi madokotala a boma mothandizana ndi mabungwe, ndipo inateteza wa ku Namiwawa chimodzimodzi ndi wa ku Bangwe.

Mayiko olemera anatiyesera kale njira ziwirizi. America, komwe anthu ambiri amadalira inshuwalansi yochokera kuntchito, imawononga pa zaumoyo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a chuma chake chonse, kuposa dziko lina lililonse lolemera, komabe anthu mamiliyoni ambiri alibe inshuwalansi ndipo ngongole za kuchipatala zimagwetsa mabanja. Britain, komwe anamwino athu ambiri anapita kukagwira ntchito, inakhazikitsa NHS, ndondomeko ya boma ya chithandizo cha zaumoyo kwa onse, mu 1948 ndipo imaiyendetsa ndi misonkho. Kumeneko wodwala salipira kuti aonane ndi dokotala, ngakhale kuti amatha kudikira miyezi kuti achitidwe opaleshoni. Ngati America ndi chuma chake chonsecho yalephera kufikira aliyense kudzera m'makampani, sindikuona mmene ife tingathere.

Koma amene akuteteza ulere nawonso asamalankhule ngati kuti ulerewo unafika paliponse. M'madera ambiri a kumidzi chipatala chapafupi ndi cha mishoni, cha pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndipo kumeneko anthu akhala akulipira kuyambira kale. Zipatala monga Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni, Malamulo ndi St Luke's ya ku Malosa, pamodzi ndi zinzake zing'onozing'ono, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse m'dziko muno. Boma limalipira ogwira ntchito kumeneko, ndipo kuyambira cha m'ma 2006 lakhala likusainirana nazo mapangano oti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono azithandizidwa mwaulere, lokha n'kudzabweza ndalamazo pambuyo pake. Kumene mapanganowa ayenda bwino, amayi ambiri asiya kuchirira kunyumba. Koma boma likachedwa kubweza, monga zakhala zikuchitikira, zipatala zina zimaimitsa panganolo, ndipo mayi amene mwezi watha akanachira mwaulere amauzidwa mtengo matenda atayamba kale. Kodi n'chilungamo kuti Mmalawi wokhala pafupi ndi chipatala cha boma asalipire, pomwe mnzake wokhoma misonkho yomweyo akagula sopo ndi mchere alipire, kungoti kwawo kunafika amishoni boma lisanafike? Kwa ine mapangano amenewa ndiwo chinthu chofanana kwambiri ndi inshuwalansi ya dziko chimene tili nacho kale, ndipo atisonyeza kuti pamene timagwa si popanga ndondomeko ayi, koma polipira panthawi yake.

Za mawodi olipira m'zipatala zikuluzikulu za boma ndinenapo mwachidule. Sindikuona cholakwika kuti munthu wopeza bwino, kapena wa inshuwalansi, alipire kuti agone m'chipinda cha yekha, ngati ndalamazo zikutsala pachipatalapo n'kugulira magolovesi ndi mankhwala a kuwodi ya anthu onse. Chimene ndimaopa n'chakuti dokotala ndi mmodzi yemweyo, makina ndi omwewo, ndipo popanda malamulo okhwima wolipira ndiye aziyamba kuonedwa, wodwalitsa ali pabenchi panja. Chimodzimodzinso ndi ndalama yolipiritsa anthu amene adumpha chipatala chaching'ono n'kupita ku chachikulu. Munthu sadumpha chipatala cha pakhomo pake chifukwa chokonda kukwera minibasi, amadumpha chifukwa akudziwa kuti kulibe mankhwala.

Anzathu mu Africa muno anayesa njira ina, ya inshuwalansi ya dziko lonse yoyendetsedwa ndi boma, ndipo tingachite bwino kuiona modekha tisanayambe kuiimbira m'manja. Ku Rwanda anthu amalipira kandalama kochepa kamodzi pachaka, osaukitsitsa boma limawalipirira, ndipo anthu ambiri a m'dzikomo analowa. Ghana inakhazikitsa lamulo lake mu 2003 pofuna kuthetsa mchitidwe woti wodwala ayambe walipira asanakhudzidwe, ndipo ndalama zambiri za thumbalo zimachokera ku msonkho wa 2.5 peresenti wowonjezera pa katundu wogula. Vuto lawo lakhala lomwe lija la ife ndi CHAM, kuchedwa kulipira zipatala, mpaka zina kumabweza anthu a makhadi. Ku Zambia lamulo la 2018 linabweretsa bungwe la NHIMA, lomwe limatenga 1 peresenti ya malipiro a wantchito ndi 1 peresenti ina kwa womulemba ntchito, koma kulowetsa alimi ndi a malonda ang'onoang'ono kwakhala kovuta. Ku South Africa, komwe pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 aliwonse ndiye ali ndi inshuwalansi koma gulu laling'onolo limagwiritsa ntchito pafupifupi theka la ndalama zonse za zaumoyo, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina lamulo la inshuwalansi ya dziko lonse (NHI) mu Meyi 2024 ndipo nkhaniyo inathamangira kumakhoti. Chimene ndikuona m'mayiko onsewa n'chakuti paliponse pamene wosauka anafikiridwa, zinali ndalama za misonkho zimene zinamulipirira, ngakhale chinthucho chinkatchedwa inshuwalansi.

Maganizo anga tsono ndi akuti tisakanganirane dzina. Kaya tidzalitcha inshuwalansi kaya thumba la zaumoyo, chofunika n'chakuti munthu azilipira ali bwino, molingana ndi mmene amapezera, osati ali pamachira. Njira zotolera ndalama zotere si zachilendo kwa ife. Lamulo la penshoni la 2011 linakakamiza wantchito kusunga 5 peresenti ndi womulemba ntchito 10 peresenti, makampani amalipira 1 peresenti ya TEVET yothandizira maphunziro a ntchito zamanja, pa mtengo wa mafuta a galimoto pali ndalama ya misewu ndi ya magetsi a kumidzi, ndipo pa Chingeni ndi pa Kalinyeke timalipira tikamadutsa. Ngati tinakwanitsa kupangira misewu thumba lakelake, mankhwala angatikanike bwanji? Gawo la msonkho wa mowa, ndudu ndi zakumwa zotsekemera, zomwe zikutidzazira mizere ya shuga ndi BP, lingakhale poyambira pabwino.

Ndikudziwa chimene wantchito angandiyankhe, kuti msonkho wa pamalipiro wa PAYE wamupweteka kale, ndipo ndalama zoterezi zikalowa m'thumba lalikulu la boma, Account Number One, zimakatulukira kwina. Akunena zoona, ndipo tamvaponso kuti ngakhale ndalama za misewu zija sizimafika nthawi zonse kumene zinayenera kupita. N'chifukwa chake ndikuti thumbalo likhale lotetezedwa ndi lamulo, ndipo liyambe ndi ntchito ziwiri zokha zosavuta kuzilondoloza: kugula mankhwala ofunikira kwambiri amene mndandanda wake ulengezedwe poyera, ndi kulipira zipatala za mishoni mwezi usanathe. Miyezi itatu iliyonse ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka zizisindikizidwa m'nyuzipepala ngati ino, boma ndi boma, chipatala ndi chipatala, kuti komiti ya chipatala cha kwathu izitha kufunsa kuti makatoni amene alembedwawa ali kuti. Inshuwalansi ya makampani ikhalepo kwa oifuna ndi oikwanitsa, koma ikhale yowonjezera pamwamba, ndipo zipatala zolipira zilamulidwe kupachika mitengo yawo poonekera, kuti munthu asamadziwe mtengo wa opaleshoni atasokedwa kale.

Chomwe chimandikayikitsa ngati zimenezi zidzachitike n'chakuti amene amagawa bajeti sadwalira kumene timadwalira ife. Boma limawononga ndalama zakunja zambiri kutumiza odwala ku India, mndandanda wa odikira ndi wautali, ndipo anthu ena amamwalira dzina lawo lisanafikidwe, pomwe chipatala cha khansa cha ku Lilongwe, chomwe chikanachepetsa maulendowa kalekale, chinatenga zaka zambirimbiri kuti chimangidwe. Atsogoleri athu, a chipani chilichonse chimene chinalamulapo, akamva m'thupi amakwera ndege. Koma tonse tikukumbukira kuti pa 5 Epulo 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika atagwa mwadzidzidzi, nthawi yokonza ndege panalibe, ndipo anathamangira naye ku Kamuzu Central, chipatala chomwecho chimene amapitako wogulitsa tomato wa ku Mchesi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndikanakonda kuti aphungu athu, pokambirana bajeti ya zaumoyo, azikumbukira tsiku limenelo, ndipo ndikanakondanso kuti lamulo liwakakamize iwo, nduna ndi alembi aakulu a maunduna kuti chithandizo chimene amalipiriridwa ndi misonkho yathu azikachilandirira m'zipatala za boma.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi lakuti mutumize atolankhani anu m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi m'masiku omalizira a mwezi, osati tsiku lobwera nduna, akaime pawindo la mankhwala n'kuwerenga kuti mwa odwala makumi awiri ndi angati atuluka ndi zonse zimene anawalembera. Akafunsenso magadiyani kuti agulitsa chiyani kuti afike pamenepo. Ine tsiku langa la kiliniki ndi Lachiwiri loyamba la mwezi wamawa, ndipo monga mwa nthawi zonse ndidzatenga kabuku kanga m'thumba limodzi, ndalama ya ku famase m'thumba linalo.

Ine wanu,
Wopuma ntchito,
Blantyre